Ngamila 100 pa msika wa ndalama zamapepala

Mu 2011 makhoti a ku Saudi Arabia adalandira lamulo latsopano. Munthu wopha mnzake mwangozi azipereka kwa ofedwa ma riyal 300,000, ndipo pa imfa yadala, kapena yoti munthu adafuna kuvulaza chabe koma mnzakeyo n'kutsirizika, dipo lizikhala ma riyal 400,000. Kwa zaka pafupifupi 30 m'mbuyomo mitengoyi idaima pa 100,000 ndi 110,000. Chidasuntha akuluakulu a zamalamulo chidali msika wa ziweto. Atafufuza mtengo wa ngamila, adapeza kuti ndalama imene amayi amasiye ankapatsidwa siikanagulanso ngakhale theka la ngamila zimene Shariya imatchula.

Banja limene lidataya bambo pangozi ya galimoto mu 2010 lidalandira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene lidalandira banja lofedwa mu 2012. Palibe amene adawabera, palibenso woweruza amene adakhotetsa mlandu. Lamulo lidangokhala chete pamene ndalama inkatha mphamvu. Apa ndi pamene pagona vuto la diya, dipo la magazi la m'malamulo a Chisilamu, m'masiku athu ano. Muyeso wake udaikidwa m'ziweto, m'golide ndi m'siliva, koma anthu akulipirana ndi mapepala osindikizidwa ndi banki yaikulu ya boma.

Qur'an, m'sura ya 4 ndime 92, imalamula kuti wopha mnzake mosafuna apereke dipo kwa abale a malemu, pokhapokha eni akewo atakhululuka mwa kufuna kwawo. Sura ya 2 ndime 178 imatsegula khomo lomwelo pa imfa yadala: ofedwa ali ndi ufulu wofuna kuti wakuphayo naye aphedwe, koma akhoza kumuleka wamoyo n'kulandira dipo. Ndime ziwiri zonsezi sizitchula kuchuluka kwake. Chiwerengero chimachokera ku Sunna ya Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, makamaka m'kalata yopita kwa anthu a ku Yemen imene adapatsira Amr ibn Hazm. Mmenemo moyo wa munthu ndi ngamila 100, diso limodzi 50, dzanja limodzi 50, chala chilichonse 10, dzino 5. Olemba mbiri yakale ya Aluya amati chiwerengero cha 100 chidalipo Chisilamu chisanadze, ndipo amachilumikiza ndi Abd al-Muttalib, agogo ake a Mtumiki, amene adawombola mwana wawo Abdullah ndi ngamila 100 atalumbira kuti adzamupereka nsembe.

Ngamilazi sizinali zongotola pakhola. Maulama adazisanja malinga ndi msinkhu. Pa imfa yangozi ambiri adati zikhale m'magulu asanu a ngamila 20: gulu limodzi la zazimuna zazing'ono, ndi magulu anayi a zazikazi, kuyambira zongolowa chaka chachiwiri, za chaka chachitatu, za chaka chachinayi zimene zayamba kusenza katundu, mpaka za chaka chachisanu zimene zayamba kugulula mano akutsogolo. Mlandu ukakhala wolemera, Imam Shafi'i ndi ena adati zikhale 30 za chaka chachinayi, 30 za chaka chachisanu, ndi 40 zokhala ndi bere. Taganizirani khola limenelo patapita chaka chimodzi. Zija 40 zaswa, mkaka ukukamidwa m'mawa uliwonse, zina zikupita ndi amalonda paulendo n'kubwera ndi phindu. Ana amasiye ankalandira chuma choswana, choti chiwalere mpaka adzaime paokha, monga akadachitira bambo awo akadakhala ndi moyo.

Anthu a m'mizinda analibe makola, ndipo funso la ndalama lidabuka msanga. Nkhani imene adaisunga Abu Dawud, wosonkhanitsa nkhani za Mtumiki, imati m'masiku a Mtumiki ngamila 100 zinkawerengedwa ngati ma dinar 800 a golide kapena ma dirham 8,000 a siliva. Mu ulamuliro wa Umar ibn al-Khattab, amene adakhala Khalifa kuyambira 634 mpaka 644, chuma chidasefukira ku Madina ndipo ngamila zidakwera mtengo. Umar adaimirira pagulu n'kunena zimenezi poyera, kenako adakweza dipo kufika pa ma dinar 1,000 kwa ogwiritsa ntchito golide ndi ma dirham 12,000 kwa ogwiritsa ntchito siliva. Oweta ng'ombe adawaikira ng'ombe 200, oweta nkhosa nkhosa 2,000, ndipo owomba nsalu zovala 200.

Kwa ine, chochitika ichi ndiye msana wa nkhani yonse. Umar adali munthu woopa kusintha chilichonse chimene Mtumiki adasiya, komabe sadakakamire pa 800. Adaona kuti kusunga chiwerengero chakale pamene mitengo yasuntha n'kuchepetsa dipo mwakachetechete, ndipo kuti amene aluza ndi ofedwa. Boma lililonse limene lero limalemba diya m'ndalama zamapepala n'kuiiwala kwa zaka 15 kapena 30 likuchita chinthu chimene Umar adachikana zaka 1,400 zapitazo.

Pambuyo pake maimamu adasiyana maganizo pa funso looneka laling'ono: kodi tsinde la dipo ndi ngamila zokha, kapena golide ndi siliva nazonso ndi tsinde paokha? Abu Hanifa adati zitatu zonsezi n'zovomerezeka, ndipo siliva adamuika pa ma dirham 10,000. Malik adatsatira 12,000, n'kunena kuti aliyense apereke chuma cha kwawo. Shafi'i, m'maganizo ake omaliza, adati tsinde ndi ngamila basi, ndipo zikasowa aperekedwe mtengo wake wa tsikulo, kaya wakwera chotani. Asilamu ambiri a kuno kwathu, amene chipembedzo chidawafika kudzera kugombe la Kilwa ndi Zanzibar, amatsatira Shafi'i yemweyu. M'nthawi ya maimamuwo kusiyanaku sikunkapweteka aliyense kwenikweni, chifukwa ngamila 100, golide uja ndi siliva uja zinkayandikana mtengo.

Lero zitatuzi zidapatukana kutali. Ofufuza ambiri amasiku ano amati dinar imodzi inkalemera magalamu 4.25, choncho ma dinar 1,000 ndi makilogalamu 4.25 a golide. Dirham amaiika pa magalamu 2.975, choncho ma dirham 12,000 ndi makilogalamu 35.7 a siliva. Ndiye kuti m'masiku a Umar galamu imodzi ya golide inkasinthidwa ndi magalamu 8 kapena 9 a siliva. Mu Marichi 2020 galamu imodzi yomweyo inkafuna magalamu a siliva oposa 120. Tiyeni titenge mitengo ya mu Marichi 2025, pamene golide adadutsa koyamba madola 3,000 pa aunsi imodzi, imene ndi magalamu 31. Dipo lowerengera golide likadapitirira madola 400,000. Lowerengera siliva silikadafika ngakhale madola 40,000. Ma riyal 300,000 a ku Saudi Arabia, owerengera ngamila, ndi madola 80,000. Munthu wakufa ndi mmodzi, Shariya ndi imodzi, koma mayankho atatu, ndipo lalikulu likuposa laling'ono kakhumi.

Ndalama zamapepala zidabwera kudzawonjezera mfundo ina pachingwe chopotana kale. Poyamba pepala linkaimira golide wosungidwa kwinakwake, ndipo maulama ena ankaliona ngati kalata ya ngongole chabe. Pa 15 Ogasiti 1971, Pulezidenti Richard Nixon adathetsa lonjezo losintha dola ya America ndi golide, imene panthawiyo inkasinthidwa pa madola 35 pa aunsi. Kuyambira pamenepo pepala lidatsala lodalira chikhulupiriro cha anthu ndi khalidwe la boma lolisindikiza. Mu 1986, pamsonkhano wake wa ku Amman, bungwe la International Islamic Fiqh Academy lidagamula kuti ndalama zamapepala ndi ndalama zenizeni ndipo malamulo a golide ndi siliva, monga a zakati ndi a katapila, azigwiranso ntchito pa izo. Izi zidachotsa chikaiko choti diya ingaperekedwe ndi mapepala kapena cheke. Funso loti mapepalawo akhale angati lidatsala m'manja mwa dziko lililonse.

Pakistan idasankha siliva. Malamulo ake a kisasi (kubwezera moyo ndi moyo) ndi diya, amene adayamba mu 1990, amati dipo lisachepere mtengo wa magalamu 30,630 a siliva, ndipo boma limalengeza mtengowo mu ma rupee chaka chilichonse kuyambira pa 1 Julayi. Ku Egypt, kumene diya imaperekedwa kwambiri pogwirizanitsa mabanja, ofesi ya mafatwa ya Dar al-Ifta imalangiza makilogalamu 35.7 a siliva. Ofuna siliva ali ndi mfundo yomveka: woyendetsa minibasi amene wagunda munthu mosafuna sangapeze makilogalamu anayi a golide ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse, ndipo lamulo loti palibe angalikwanitse silithandiza ofedwa. Maiko a ku Gulf ambiri adangolemba chiwerengero m'lamulo: ma dirham 200,000 ku United Arab Emirates, ma riyal 200,000 ku Qatar, ma rial 15,000 ku Oman. Popeza ndalama zawo n'zomangiriridwa ku dola, kugwa mphamvu kwake sikuoneka msanga, koma kumachitikabe chaka ndi chaka.

Kumene chilonda chili poyera ndi ku Iran. Kumeneko nthambi ya zamakhoti imalengeza mtengo wa diya kumayambiriro kwa chaka chawo mu Marichi. Mu 2021 udali ma toman 480 miliyoni. Mu 2022 udafika 600 miliyoni, mu 2023 900 miliyoni, mu 2024 1.2 biliyoni, ndipo mu 2025 1.6 biliyoni. Imfa ikachitika m'miyezi inayi yopatulika, Muharram, Rajab, Dhul Qa'da ndi Dhul Hijja, amawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Munthu woona ziwerengerozi angaganize kuti ofedwa akulemera, koma ndi boma chabe likuthamangira mitengo ya zinthu imene yalisiya kumbuyo. Mmalawi safunika kumufotokozera zambiri apa. Tonse tikukumbukira m'mawa wa mu Novembala 2023 pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama imene munthu adagona nayo m'thumba n'kudzuka yosakwanira zimene ikadagula dzulo lake. Chiwerengero cholembedwa m'lamulo chimafanana ndi thumba la chimanga lolowedwa anankafumbwe. Kunja likadali thumba lodzaza bwino, koma zoona zake umakazidziwira kuchigayo.

Palinso nkhani ya nthawi. Ngozi ichitika chaka chino, chigamulo chidzatuluka patapita zaka ziwiri, ndipo Shariya imalola kuti dipo la imfa yangozi liperekedwe pang'onopang'ono kwa zaka zitatu. Mtengo wake ukhale wa tsiku liti? Bungwe lija la International Islamic Fiqh Academy lidanena mu 1988, ku Kuwait, kuti ngongole ya ndalama imabwezedwa mulingo womwewo, osaonjezera chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu, poopa kulowa m'katapila. Munthu akaitenga diya ngati ngongole ya mapepala kuyambira tsiku la ngozi, mayi wamasiye amalandira ndalama yofumbwa. Malamulo a Iran a 2013 adatsata njira ina: mtengo ndi wa tsiku lolipira. Ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo ili pafupi ndi maganizo a Shafi'i. Chimene wolakwa ali nacho ngongole ndi ngamila, kapena golide, kapena siliva, ndipo pepala limangobwera pomaliza kudzaimira mtengo wake. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma ndalama yamapepala imawola mlandu uli mkati.

Amene amaopa muyeso wokwera amaiwala kuti dipo la imfa yangozi silinali mtolo wa munthu mmodzi. Linkaperekedwa ndi aqila, abale aamuna a mbali ya bambo ake a wolakwayo, aliyense kachigawo kochepa koti sikangamugwetse. Ife a chikamwini tikadayang'ana kwa malume ndi mbumba yawo, koma nzeru yake ndi yomweyo. Umar atakhazikitsa kaundula wa asilikali, otsatira Abu Hanifa amati udindowu udasamukira kwa anzake a munthu olembedwa naye m'kaundula mmodzi, ndipo ndalama inkadulidwa kumalipiro awo. Pakasowa onsewa, thumba la boma linkalowererapo, chifukwa magazi a munthu sayenera kutayika chabe. Mu 2005, ku Dubai, International Islamic Fiqh Academy idavomereza kuti masiku ano malo a aqila akhoza kutengedwa ndi inshuwalansi yothandizana ya takaful, mabungwe a anthu a ntchito imodzi, kapena thumba lapadera la ogwira ntchito pamalo amodzi.

Pamene dongosolo limeneli lafooka, osauka ndi amene amavutika mbali zonse ziwiri. Ku Iran kuli bungwe lotchedwa Setad-e Diyeh limene ntchito yake ndi kusonkhetsa ndalama, makamaka m'mwezi wa Ramadhani, zotulutsira m'ndende anthu amene sadaphe dala aliyense koma adalephera kulipira. Ku Pakistan nakonso lamulo limalola kuti wolephera kulipira asungidwebe m'ndende. Pamenepo palibe wapindula. Ofedwa sadalandire kanthu, ndipo banja lachiwiri latayanso wolidyetsa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi zothamangira ku siliva pongofuna kuti mtengo utsike. Kutsitsa dipo kumapepuza wolakwa potenga m'mbale ya ana amasiye. Njira imene Shariya idasonyeza kuyambira pachiyambi ndi kusiya dipo lili lolemera n'kuchulukitsa mapewa olisenza, ndipo m'dziko la magalimoto mapewawo ndi inshuwalansi imene woyendetsa aliyense akukakamizidwa kukhala nayo.

Inshuwalansi yomweyi yatsegula njira pa nkhani ina yowawa. Maulama ambiri akale adati dipo la mkazi ndi theka la dipo la mwamuna, ngakhale ena ochepa, monga Ibn Ulayya ndi al-Asamm, adakana, ndipo m'nthawi yathu Yusuf al-Qaradawi adalemba kuti maumboni a theka ndi ofooka. Qatar ndi United Arab Emirates pano amapereka mofanana. Iran idasunga theka m'buku la malamulo, koma mu 2019 khoti lake lalikulu lidagamula kuti gawo lotsalalo liziperekedwa ndi thumba la boma lothandiza ovulala. Mayi amene amadyetsa ana ake ndi geni kapena malipiro a uphunzitsi akafa, bowo limene amasiya pakhomo silikhala theka la bowo la mwamuna, ndipo n'zosangalatsa kuti malamulo ayamba kuvomereza zimenezi.

Zonsezi zikukhudza imfa yangozi. Pa imfa yadala zinthu zimasintha, chifukwa ofedwa sakakamizidwa kulandira mtengo wa boma. Ali ndi moyo wa wolakwayo m'manja, ndipo akhoza kutchula ndalama iliyonse kuti amuleke. Pa 27 Januwale 2011, Raymond Davis, amene ankagwira ntchito ya bungwe la ukazitape la America la CIA, adawombera amuna awiri mumsewu ku Lahore. Mkazi wa mmodzi mwa ophedwawo adamwa poizoni patangopita masiku ochepa, atanena kuti sakukhulupirira kuti chilungamo chidzachitika. Pa 16 Marichi chaka chomwecho, khoti litakhala mkati mwa ndende ya Kot Lakhpat, abale a malemu adavomera ma rupee pafupifupi 200 miliyoni, madola oposa 2 miliyoni, ndipo Davis adakwera ndege tsiku lomwelo.

Wogwira ntchito wochokera kudziko losauka sakhala ndi boma lamphamvu chotero kumbuyo kwake. Mu 2014 boma la Indonesia ndi anthu akufuna kwabwino adasonkha ma riyal 7 miliyoni kuti apulumutse mayi wina wogwira ntchito zapakhomo ku Saudi Arabia. Mu 2024 anthu a ku Kerala, ku India, adasonkha ma riyal 15 miliyoni kuti awombole mnzawo amene ankayendetsa galimoto ya pabanja lina ku Riyadh. Mwamuna wina wa ku Philippines sadachite mwayi wotero. Ofedwa adatchula ma riyal 4 miliyoni, zosonkha sizidakwane ngakhale kufika pakati penipeni, ndipo adadulidwa mutu mu Disembala 2015. Pafupi ndi kwathu kuno, Mkenya wina amene adamenyana ndi mnzake wa ku Yemen pantchito ku Saudi Arabia mu 2011 adayamba wagamulidwa zaka zisanu, apilo n'kusintha chilangocho kukhala imfa mu 2014. Adatuluka mu 2025 bungwe la Muslim World League litathandiza kupereka madola 1 miliyoni. Ndalama zonsezi zikuposa mtengo wa boma wa ma riyal 400,000 kangapo, zina kupitirira ka 30.

Sindingaweruze mayi amene mwana wake adaphedwa chifukwa chotchula mtengo waukulu. Ufulu umenewo ndi wake, ndipo ululu wake palibe angauyese. Koma ndime ya m'sura ya 2 ija imalankhula za kukhululuka, ndipo imafuna kuti wofuna dipo alifune mwaubwino, wolipira naye alipire mwaulemu. Mitengo ikafika pa mamiliyoni ambiri, zotsatira zake n'zakuti wolemera amagula moyo wake sabata imodzi, pamene wosauka amadikira lupanga zaka khumi abale ake akupemphetsa pa intaneti. Mashehe ndi akuluakulu a boma ku Saudi Arabia komweko akhala akudzudzula kukokomeza kumeneku ndi anthu olowa pakati amene amadyerapo.

Malamulo a Malawi sadziwa diya. Kuno wofedwa pangozi amapita kukhoti kukafuna chipukutamisozi, ndipo mlandu wakupha ndi wa boma. Koma achinyamata athu, makamaka atsikana, akupita ku Oman ndi maiko oyandikana nawo kukagwira ntchito zapakhomo, zaulonda ndi zoyendetsa magalimoto, ndipo akangotsika ndege amalowa pansi pa malamulo amenewa. Mtsikana wa ku Mangochi kapena ku Dedza akafa pangozi ku Muscat, makolo ake akhoza kukhala ndi ufulu wolandira dipo, koma ndalamayo siibwera yokha. Pamafunika munthu wotsatira mlandu kukhoti, zikalata zosonyeza oyenera kulandira chuma cha masiye, ndi womasulira Chiarabu. Mnyamata wathu akagunda munthu ali pa chiwongolero cha bwana wake, funso loyamba limakhala lakuti galimotoyo inali ndi inshuwalansi yotani, chifukwa abale ake ali kutali ndipo ngakhale atagulitsa mbuzi zonse za m'mudzi sangafike pa ma rial 15,000. Boma likamakambirana ndi maiko amenewa za kutumiza anthu kukagwira ntchito, pamgwirizanopo palembedwe momveka bwino amene adzalipire dipo Mmalawi akalakwa mosafuna, ndi amene adzalitolere n'kulifikitsa kumudzi Mmalawi akafa.